Undifunse Kachiwiri

Msakambewa,
Dowa.

Mwana wanga Rute,

Pepa kuti ndikukuvutitsa ndi kalata pamene tikugona m'nyumba imodzi. Pepanso kuti uipeza pakati pa timatumba ta nsinjiro, mwina itanona mafuta. Ndikudziwa kuti uli ndi zowerenga zambiri zochokera kwa anthu ophunzira, ndipo kalembedwe kanga ukukadziwa, mizere imatsetsereka ngati msewu wa ku Ntchisi. Koma sabata yonseyi ndayesa kuyankhula nawe pakamwa ndipo ndalephera. Ndikati nditsegule pakamwa, chimene chimatuluka n'chakuti, "Kodi juzi ija walongedza?" Ndiye ndati ndingolemba. Panopa wapita ku Mponela kukakonzetsa zipi ya chikwama, bambo ako ali kudimba, ndipo ine ndakhala pakhonde ndi cholembera chako. Ndichibweza pamene ndachitenga.

Mawa m'mawa ukwera minibasi ya ku Lilongwe. Wati ukakhala kumeneko pa maphunziro mpaka mwezi uno utatha, kenako ndege ikutengera kudziko lija kuli msasa wa anthu othawa nkhondo. Dzina la malowo ndaliloweza, koma sindililemba kuopa kulilakwitsa. Amayi anzanga a kutchalitchi akandifunsa kuti Rute akukagwira ntchito yanji, ndimayankha monga unandifotokozera: m'mawa akaphunzitsa ana, masiku ogawa chakudya akathandiza kulemba anthu ndi kugawa, ndipo akaweruka azikakhala ndi okalamba n'kumajambula mawu awo, kuti mbiri ya kumene anachokera isafere mumsasamo. Bambo ako akamva amati, "Mphunzitsi yemweyo, wogawa ufa yemweyo, womvera nkhalamba yemweyonso. Nanga azigona liti mwanayu?" Amanena moseka, koma dzulo ndinawapeza kuseri akupukuta nsapato zako, munthu amene zake sanazipukutepo chikwatirane.

Zing'onozing'ono ndiyambe nazo kuti ndisaziiwale. Nsinjiro ndaziika m'mapepala apulasitiki awiriawiri. Usaziike pafupi ndi sopo, zimatenga fungo. Singano ndi ulusi zili m'bokosi la machesi, m'thumba lam'kati la chikwama. Neti ija ndaisoka pomwe panali kabowo. Uzigonamo ngakhale kutenthe bwanji. Ndikudziwa unati, "Amayi, kumeneko kulinso masitolo, si kumwezi ayi." Chabwino, masitolo aliko. Koma neti uzigonamo.

Tsopano zimene ndalembera kalatayi. Ine ntchito yakoyo sindikuidziwa, sukulu ndinalekera Sitandade 6. Chimene ndili nacho ndi malo amene ndinaphunthwa, ndipo ndikufuna ndikulozere kuti iwe ukawalambalale.

Choyamba ndi cha kuphunzitsa. Iwe uli ku sekondale, abusa anandipempha kuti ndizithandiza pa sukulu ya kwacha. Ndinanyada kwambiri. Choko ndinkachisunga m'kabotolo ka mafuta odzola kuti chisathyoke. M'kalasimo munali aNachisale, mayi aakulu aja a kuseri kwa chigayo, ndipo munalinso mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo. Tsiku lina ndinati, "ANachisale, tabwerani kubolodi mudzalembe dzina lanu." Ine ndinkayesa ndikuwapatsa ulemu powayambitsa. Anaimirira, anagwira choko ngati agwira khala lamoto, ndipo palibe chimene chinalembeka. Palibe anaseka. Mpongozi wawo uja anangoweramitsa mutu n'kumayang'ana zala zake. Sabata yotsatira aNachisale sanabwere. Nditawalondola kunyumba anati, "Aphunzitsi, maso awa andikana. Ndiponso mbuzi zikusowa woziyang'anira." Maso awo anali abwinobwino, ulusi ankalowetsa pasingano kuposa ine. Ndine amene ndinawaimika pamaso pa mpongozi. Mpaka lero amadinda ndi chala.

Ndiye iwe, ukakaima kutsogolo kwa kalasi, uziyamba waona kuti ndani wakhala pafupi ndi yani. Kumsasako kukakhala mtsikana wamkulu, woti kwawo anali pafupi kumaliza sukulu, atakhala pabenchi imodzi ndi tiana. Kukakhalanso wina amene kwawo anali mwana wa munthu wolemekezeka, lero wavala malaya ong'ambika. Usakamuitanire kubolodi usanaone kope lake. Ndipo wina akasiya kubwera, umulondole wekha, osatuma anzake. Chifukwa chimene akakuuze poyamba ukachilandire mwaulemu, koma usakachikhulupirire msanga. Ukumbukire maso a aNachisale.

Chachiwiri ndi cha okalamba akowo. Kaya ukukumbukira maliro a azakhali anga ku Ntchisi, iwe uli kamtsikana ka miyendo yotuwa. Ndinakusowa kumene kunali amayi, ndipo ndinakakupeza utakhala kumbali ya amuna, utatsamira bondo la malume anga a Yobe. Unkawafunsa chifukwa chake mudzi wathu unamangidwa pamwamba pa phiri pamene madzi ali kumunsi. Iwo anali atayamba kukuuza za makolo athu amene ankathawira m'mapanga nthawi ya nkhondo. Ine manyazi anandigwira. Ndinakukoka khutu, amvekere ine, "Mwana wamkazi wanji wokhala pakati pa amuna pamaliro? Nyamuka ukatunge madzi." A Yobe anati, "Musiyeni mwanayu. Mudzi wonse uno wandifunsa ndi yekhayu." Ine ndinati, "Adzakufunsani tsiku lina, malume." Chaka chisanathe tinakweranso phiri lomwelo kukawaika iwowo. Utafika ku yunivesite unayendayenda kufunafuna wodziwa nkhani ya mapangawo, ndipo aliyense ankangoti, "Akanakhalapo a Yobe." Sunandinenepo mawu oipa pa nkhani imeneyi. Koma khutu limenelo ndimalikumbukira kuti linali lamanzere.

Choncho wokalamba akayamba kuyankhula, usamuuze kuti mawa. Ngakhale belu la sukulu lilire, ukapepese kwa akuluakulu ako pambuyo pake. Usakakhale pampando iye ali pansi. Ngati akusenda nyemba, sendani limodzi, mawu amatuluka bwino manja akamagwira ntchito. Akayamba kulira, uzimitse kachipangizo kako kojambulira mawu, ndipo aone kuti wazimitsa. Zimene wajambula ukabwerere nazo ukamumvetsere mwiniwake, usangopita nazo ngati wogula fodya. Izi mwina anakuphunzitsani kale kusukulu. Ngati ndi choncho, pepa, ingodumpha.

Chachitatu ndi chimene chandilemetsa lilime sabata yonseyi. Ndaika cholembera pansi, ndakamwetsa nkhuku madzi, ndabwerera.

Ukudziwa kuti unali ndi mchimwene wako, Yosiya, ndipo ukudziwa kuti anatisiya chaka cha njala yaikulu ija, iwe uli kumsana. Kupyola pamenepo sindinakuuzepo. Nthawi imeneyo tinali tikanali kwathu ku Ntchisi, tisanasamukire kuno kwa bambo ako. Iwo anali atapita kukasaka ganyu ku maesiteti a fodya, ndipo anakhalitsa. Nkhokwe inatha mvula isanayambe. Tinadya gaga, gaga atatha tinkawiritsa mango aawisi, kenako tinayamba kukumba zitsa za nthochi n'kumasinja. Iwe unkayamwa, unali ndi kako kochepa. Yosiya anali atasiya kale bere. Mapazi ake anayamba kutupa, tsitsi linafiira n'kumathothoka, ndipo mwana amene ankathamangitsa nkhuku tsiku lonse anangoti phee pamphasa.

Ndiye kunamveka uthenga woti kukubwera alendo a bungwe lothandiza, ayenda khomo ndi khomo kuona amene avutikitsitsa, chifukwa chimanga chinali chochepa, sichikanakwanira mudzi wonse. Mwana wanga, tamvera zimene mayi ako anachita atamva kuti kukubwera alendo. Ndinasesa bwalo lonse mpaka kumsewu. Ndinazira khonde. Ndinakabwereka mpando kwa aphunzitsi. Ndinatulutsa bulauzi yanga ya kutchalitchi ndi chitenje chimene ndinkasungira maukwati. Ndinasonkha moto n'kuikapo mphika wa madzi okhaokha, kuti utsi uzituluka m'khitchini ngati pakhomo pa anthu. Ndipo Yosiya ndinamunyamula n'kukamugoneka kuchipinda, ndinamufunditsa, n'kutseka chitseko. Mumtima ndinkati, alendo asaone mwana wa mapazi otere, angati mayi wake ndi wotani. Umu ndi mmene amayi anga anandilerera: mlendo saonetsedwa chilonda, ndipo mkazi wa munthu sanena kuti kwawo agona ndi njala mwamuna wake ali moyo.

Anafika awiri, mnyamata wonyamula mapepala ndi mtsikana wa msinkhu wako uno. Mtsikanayo anali waulemu kwambiri, anagwada popereka moni. Ndinawapatsa madzi m'matambula a alendo.

"Muli bwanji, mayi?"

"Tili bwino, kaya inu?"

"Nanga pa chakudya zikuyenda bwanji pakhomo pano?"

"Aa, tikuyesera ndithu. Mulungu akutisunga."

"Lero mwadyako?"

Ndinaloza utsi uja n'kunena kuti, "Mphika uli pamotopo."

Anayang'ana bwalo, anayang'ana bulauzi yanga, anayang'ana iwe uli ndi masaya ako kumsana. Anamwetulira n'kunena kuti, "Pakhomo panu m'posamalika, mayi." Ndipo ine, Rute, ndinakondwa. Ndinawaperekeza mpaka pa mtengo wa mkuyu uku ndikukondwa kuti alendo ayamikira pakhomo panga. Dzina langa silinalembedwe. Pamene chimanga chinadzabwera chochuluka, n'kulemba mudzi wonse osafunsanso mafunso, Yosiya tinali titamuika.

Mtsikana uja sindimuimba mlandu, ndipo iwenso usamuimbe. Anafunsa, ine ndinayankha. Anali ndi makomo ambiri oti ayende dzuwa lisanalowe. Koma nthawi zambiri ndimaganiza kuti akanangoti, "Mayi, ndikatsukeko tambulayi kukhitchini," akanavundukula mphika uja. Akanangoti, "Ana ena ali kuti? Ndiwapatseko moni," ndikanatsegula chitseko, chifukwa mlendo akapempha kuona mwana sakanizidwa. Sindikanatha kunena ndi pakamwa panga kuti tikufa. Koma akanandifunsa kachiwiri, ndikanalira, ndipo misoziyo ikananena.

Tsopano iwe ndi amene ukukagwira mapepalawo. N'chifukwa chake tulo tikundivuta. Sindikuopa ndege kwenikweni, ngakhale ndimakuuza kuti ndikuopa ndege. Ndikuopa kuti ukafika pakhomo losesedwa bwino, mayi atavala nsalu yake yomaliza yabwino, n'kukuuza kuti ali bwino, iwe n'kumwetulira n'kupitirira. Anthu akumenekowo chilankhulo chawo n'china, koma sindikhulupirira kuti manyazi awo ndi ena. Amene akakufuulire pamzere kuti wamanidwa, ameneyo umumvere, koma ali ndi mphamvu zofuulira. Ukayang'anenso amene waima kumapeto, wosamba, wachete, amene akunena zikomo asanalandire kanthu. Usakayang'ane bwalo. Ukayang'ane phulusa la pamafuwa ngati lili la lero, ndipo ngati mphika uli pamoto, upeze njira yaulemu yoonera zimene zilimo. Ukawerenge ana ndi maso ako, osati ndi pakamwa pa mayi wawo. Chitseko chikakhala chotseka masana, ufunse amene wagona m'menemo. Usakamufunse mayiyo pamaso pa oyandikana nawo, ndipo usakamuchititse manyazi ukazindikira. Ungonena kuti, "Kwathunso zinatichitikira." Ukatero sukanama.

Pali chinanso, ndipo apa usamve ngati ndikukudzudzula. Chaka chatha, pamene unkalemba za mmene anthu amakumbukirira njala ija, unayenda Msakambewa yense ndi kachipangizo kako. Unakhala ndi aNachisale mpaka dzuwa kupendeka. Unakafika mpaka kwathu kuphiri. Pomaliza unabwera kwa ine, ndikupeta pa mtondo paja, n'kunena kuti, "Amayi, nanunso mundiuzeko zanu." Ine ndinati, "Ife tinali bwino, kafunse amene anavutika." Unandiyang'ana pang'ono, kenako unati, "Chabwino amayi," n'kubweza kachipangizo kaja m'thumba. Unandilemekeza. Unachita ndendende ngati mtsikana uja. Utatembenuka ndinatsala ndi lichero m'manja, ndikufuna kukuitana, koma ndinangopitiriza kupeta. Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti zaka zonsezi mphika wa madzi uja sindinauphule.

Buku lako lija unandiwerengera mbali zina. Muli mayina a ana a eni ake ambiri, ndipo unachita bwino kuwalemba. Koma dzina la mchimwene wako mulibe, ndipo wolakwa si iwe. Pamanda pake palibe chiliza, pali mwala umene bambo ako anaika atabwerako, ndi mtengo wa naphini umene unamera wokha chakumutu. Odziwa malowo tatsala atatu: ine, bambo ako, ndi malume ako a Filimoni. Bambo ako nkhani imeneyi saiyankhula, ukaiyamba amanyamula khasu. Iwe ukupita kukasunga mbiri ya anthu a mitundu ina, ndipo ndikunyadira, Mulungu akudziwa. Koma sindikufuna ukakhale pamphasa za eni ake kumva za ana awo, pamene za mwana wa m'nyumba mwanu sunazimve.

Ndiye pempho langa ndi ili. Unanena kuti maphunziro a ku Lilongwe akatha mudzakhala ndi Loweruka ndi Lamulungu lopuma musananyamuke, ndipo unati udzakhala konko kugula zotsala ndi kutsanzikana ndi anzako. Ndikudziwa kuti masiku amenewo ndi ako, ndipo wawagwirira ntchito. Koma ngati ungathe, ubwere. Ubwere ndi kachipangizo kako, mabatire ali odzaza. Tidzakwere limodzi kupita kwathu kuphiri, ndikakuonetse pamene panali nyumba, pamene panali khitchini, ndi pamene wagona Yosiya. Ndikakuuze mmene ankasekera, ndi mmene ankakutchulira, poti dzina lako linkamukanika ndipo ankangoti "Ute". Udzajambule zonse. Ukadzafuna kulemba, udzalembe dzina lake lenileni, ndi langa lomwe, usadzandibise.

Ngati sungathe, usadzivute. Sindidzakwiya, ndipo madalitso anga wanyamula kale, ali m'chikwamamo pamodzi ndi singano. Kungoti wati ukakhala zaka ziwiri usanabwere, ndipo ine ndinaphunzira kwa a Yobe kuti tsiku lina silimafika nthawi zonse.

Undiyankhe Lamulungu la sabata yamawa lisanadutse. Chifukwa chake n'chakuti Lolemba lake malume ako a Filimoni atsikira ku Mponela kudzagula mbewu, ndipo ndikufuna ndikakumane nawo kumeneko. Ukudziwa kuti kumanda sitingangolowa ngati kumunda. Iwo ndi amene ayenera kukapempha chilolezo kwa amfumu ndi kupeza wotitsegulira njira, ndipo zimenezi zimafuna nthawi. Komanso mitambo yayamba kusonkhana chakum'mawa, ndipo mvula ikangogwa kawiri msewu wa kwathu uja galimoto sizikwera. Usalembe uthenga pa foni ya bambo ako, amafufuta osawerenga poyesa ndi za makampani. Uimbe, ndipo unene kuti ukufuna mayi ako. Ungoti "ndibwera" kapena "sinditha", ndidzamva.

Ndikuona minibasi yaima kumsewu, ndipo amene watsikayo akuyenda ngati iwe, chikwama chili pamutu ngati mtolo wa nkhuni. Ndilekere pano kuti ndipinde pepalali usanafike. Madzulo ano ndikakufunsanso za juzi, ungoyankha bwinobwino, usandiseke.

Chotsiriza, mwana wanga. Ndikudzidziwa. Ukadzabwera udzapeza nditasesa bwalo mpaka kumsewu, nditavala bulauzi ya kutchalitchi, nkhuku ili pamoto. Ukadzayatsa kachipangizo kako n'kundifunsa, mwina ndidzakuuzanso kuti tinali bwino. Usadzabweze m'thumba. Udzakhale pomwepo, udzandiyang'ane, ndipo undifunse kachiwiri.

Ambuye akutsogolere popita, akubwezerenso kwa ife.

Ndine mayi ako,
Nabanda